Ndalama Yobwera Mosadziwika Ili ndi Mwini Wake



Mwezi wathawu, titamaliza msonkhano wa gulu lathu, mayi wina anatsalira nandipempha kuti ndimperekeze. Tinayenda mpaka kudooko asananene kanthu. Tili pamenepo anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kalata imene anaipeza m'thumba la malaya a amuna ake pofuna kuchapa.

Kalatayo inachokera kuntchito kwa bambowo. Inanena kuti kwa miyezi 8 akhala akulandira K30,000 yoonjezera mwezi uliwonse, ya udindo umene anausiya kale, ndipo kuti K240,000 yonseyo idulidwa pa malipiro ao, K80,000 pa mwezi kwa miyezi itatu. Bambowo anaona kuti ndalama zikuchuluka, koma anangoti ndi mwayi. Mayiyo nayenso anaona chambo chikubwera pakhomo kawirikawiri, osafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kudulako kutayamba, bambo anachita manyazi kuuza mkazi wao. Anapita kwa munthu wa katapila nakatenga K100,000, yobweza K150,000 pakutha pa mwezi, ndipo anasiya khadi lao la kubanki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi ngati chikole. Chiyambire pamenepo, tsiku la malipiro amayamba kutapa ndi wakatapila, banja n'kulandira zotsala.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu akalephera kubweza K150,000 yonse, amangopereka chiongoladzanja cha K50,000, ngongole n'kukhala pomwepo. Pakatha miyezi inayi wapereka K200,000, koma K100,000 ija ikadalipo yathunthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo tikumbukire kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya sopo, mchere ndi mafuta ophikira inakwera, kotero kuti malipiro odulidwa kawiri sangafike ngakhale pakati pa mwezi.

Nanga mayi wanzeru achite chiyani zoterezi zikagwa pakhomo pake?

Choyamba, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, ana atagona, ndipo mulankhule modekha. Mwamuna amene wachita manyazi, mukamkalipira amabisa zambiri. Tengani kope ndi pensulo, mulembe ngongole zonse: yakuntchito, yakatapila, yakugolosale, yakubanki m'khonde, ngakhale ya usipa umene munatenga kwa mnzanu wa kumsika. Pambali pa iliyonse lembani chiongoladzanja chake ndi tsiku lobweza.

Chachiwiri, ndalama imene mwapatsidwa molakwika si yanu, ndipo mwini wake ali ndi chifukwa choifunira. Koma zimenezi sizitanthauza kuti mungovomera chilichonse. Bambo alembe kalata yaulemu yopempha kuti awaonetse miyezi imene analandira moonjezera ndi kuchuluka kwake, popeza amene analakwitsa powerengera koyamba angathe kulakwitsanso kachiwiri. Ayerekeze zimenezo ndi timapepala ta malipiro. N'chifukwa chake timapepala timeneti sitiyenera kukulungira mandasi. M'kalata yomweyo apemphe kuti kudulako kutambasulidwe pa miyezi yambiri. Asunge kope la kalatayo. Akakanidwa popanda chifukwa, ku boma kuli ofesi ya zantchito kumene wantchito amakadandaula kwaulere, ndipo amene ali m'bungwe la apantchito akambe ndi atsogoleri ao.

Chachitatu, yambani kuzimitsa moto umene ukuyaka kwambiri. Ngongole yakuntchito kawirikawiri siibereka, koma yakatapila imabereka mwezi ndi mwezi. Ngati muli ndi matumba a mpunga, mbuzi kapena makaka oposa chakudya cha ana, n'kwabwino kugulitsa lero ndi kutseka katapilayo kusiyana n'kudzagulitsa zonse mawa, ngongole ikadalipo. Khadi la kubanki libwerere m'manja mwa mwini wake, ndipo tsiku lomwelo asinthe nambala yachinsinsi.

Dziwaninso kuti malamulo sanatitaye. Lamulo la Microfinance Act la 2010 limafuna kuti mabungwe obwereketsa ndalama akhale olembetsedwa ndi oyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Palinso lamulo lakale la Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiongoladzanja chake n'chopyola muyezo. Amene alibe ndalama ya loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Wokongoza akayamba kuopseza kuti adzazula malata kapena kutenga mbiya ndi mphasa, kanenani kwa a mfumu kapena kupolisi. Ngongole siimpatsa munthu ufulu wolanda katundu mwa mphamvu zake.

Chachinayi ndilankhula kwa ife a m'magulu. Banki m'khonde ndi yabwino chifukwa chiongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pogawana. Koma ndaona amayi akulowa magulu atatu, kutenga uku kukabweza uko, mpaka kuthawa m'mudzi usiku. Kukumba dzenje kuti ukwirire lina sikuchepetsa maenje.

Mnzathu uja anachita monga tinapangirana. A kuntchito anavomera kudula K20,000 pa mwezi, ndipo zotsalazo zitenga nthawi, koma mphika ukukhala pamoto. Anagulitsa mpunga umene anasungira mitengo ya nthawi ya dzinja, gulu linamkongoza pang'ono poonjezera, ndipo khadi linabwerera kunyumba. Chaka chino m'nyumba mwao simulowa chitenje chatsopano, ndipo iye akudziwa zimenezo. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti tsopano kapepala ka malipiro amawerengera awiri, pamphasa imodzi.

Tsono amayi anzanga, mwezi uno ukatha pemphani mwaulemu kuona kapepala ka malipiro a bambo. Mukapeza ndalama yachilendo, isungeni padera ndipo mukafunse isanadyedwe. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka kope la gulu, kuti tsiku logawana lisamathe ndi ndeu. Tsalani bwino.