Mpeni usanafike pa bere, funsani mafunso awiri

Ku Tsangano mbatatesi ikakumbidwa, ku Macanga fodya akagulitsidwa, ndalama imalowa m'nyumba. Ena amagula malata, ena njinga yamoto, ena foni. Foniyo imabwera ndi alendo ake. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamatuluka zithunzi za akazi a mawere aakulu. Pansi pake pali nambala ya foni ndi lonjezo: mafuta odzola, mapiritsi, jakisoni, kapena opaleshoni kutauni. Ana athu aakazi amene ali ku Tete, ku Maputo ndi ku Joni amaziona zimenezi kawirikawiri.

Nkhani ya mawere sitiikamba pagulu. Koma tikakhala chete, wopindula ndi wogulitsa. Mkazi wamkulu ali ndi ufulu pa thupi lake, ndipo kuti asankhe bwino ayenera kudziwa zimene akusankhazo.

Opaleshoni yake imayenda bwanji?

Dokotala amagonetsa munthu ndi mankhwala. Amacheka pansi pa bere kapena m'khwapa, n'kulowetsamo kathumba kofewa. M'kathumbamo mumakhala silikoni kapena madzi amchere. Amakaika kuseri kwa bere kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri.

Kathumbako sikakhala moyo wonse. Kangathe kung'ambika. Mnofu wozungulira ungaume n'kuyamba kupweteka. Akazi ambiri amabwereranso kumpeni patapita zaka. Choncho amene walipira lero adziwe kuti mwina adzalipiranso.

Nanga mafuta ndi mapiritsi a pamsika? Palibe umboni woti amakulitsa mawere. Jakisoni ndiye woopsa kwambiri. Silikoni wamadzi akabayidwa m'thupi amaumbika zotupa zovuta kuchotsa. Angalowenso m'magazi, kufika m'mapapo, munthu n'kufa. Mankhwala ololedwa m'dziko lathu ndi amene avomerezedwa ndi ANARME, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2017.

Funso loyamba: wagwira mpeni ndani?

Chovala choyera si umboni. Ku Mozambique dokotala aliyense ayenera kulembedwa ku Ordem dos Médicos de Moçambique, bungwe la madokotala lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Ku Malawi amalembedwa ku Medical Council of Malawi, ku South Africa ku HPCSA. Muli ndi ufulu wopempha dzina lonse la dokotala ndi nambala yake yolembetsera. Dokotala weniweni sakwiya nalo funso limeneli.

Kulembedwa kokha sikukwanira. Opaleshoni imasiyana. Kuyambira mu 1984 dziko lathu limaphunzitsa ma técnico de cirurgia, amene amang'amba amayi olephera kubereka m'zipatala za m'maboma. Apulumutsa miyoyo yambiri. Koma kuika kathumba m'bere ndi ntchito ina. Imafuna dokotala amene anaphunzira cirurgia plástica zaka zingapo atamaliza kale udokotala. Madokotala otere ndi ochepa, ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Munthu akakuuzani kuti achita ntchitoyi m'nyumba yalendi, mu saluni kapena m'chipinda cha hotela, tembenukani mupite.

Funsaninso izi. Opaleshoni ichitikira m'chipatala chiti? Wogonetsa ndani? Bala likatukusira nditabwerera ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, adzandiona ndani? Kathumbako kapangidwa ndi kampani iti, ndipo mundipatsa pepala lake?

Pepalalo lili ndi chifukwa. Ku France kunali kampani yotchedwa PIP. Inkadzaza timatumba ndi silikoni wa m'mafakitale, wosaloledwa m'thupi la munthu, chifukwa anali wotsika mtengo. Mu 2010 boma la France linaletsa timatumbato. Pamenepo akazi mazana a zikwi m'maiko ambiri anali atativala kale. Mwini kampani, Jean-Claude Mas, anagamulidwa mu 2013 kukhala m'ndende zaka 4. Mu 2019 kampani ina, Allergan, inachotsa pamsika mtundu wina wa timatumba take chifukwa unkakhudzana ndi khansa ina yosowa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi ngati imeneyi, mkazi amene ali ndi pepala amadziwa msanga ngati nkhaniyo ikumukhudza. Wopanda pepala amangogona ndi mantha.

Funso lachiwiri: kodi thupi langa likuyenera?

Dokotala wabwino amayamba ndi mafunso ndi kupima, mtengo umabwera pambuyo. Amafunsa zaka, chifukwa mawere a mtsikana amapitiriza kukula. Ku America kathumba ka madzi amchere kamaloledwa kuyambira zaka 18, ka silikoni kuyambira zaka 22. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sachitidwa opaleshoniyi. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi ayenera kuyamba waongola matendawo. Amene akumwa ma ARV anene poyera, kuti dokotala aone mphamvu ya thupi. Wosuta fodya bala lake limachedwa kupola.

Amene akufuna kudzabereka afunse za kuyamwitsa. Ambiri amayamwitsa bwinobwino, koma ena mkaka umachepa.

Pali funso lina lomwe makina sangapime. Wafuna opaleshoniyi ndani? Mawere amasintha mayi akayamwitsa ana, ndipo amenewo si matenda. Ngati mawu akuchokera kwa mwamuna amene akuopseza kuti atenga mkazi wina, mpeni suthetsa mlanduwo. Bala ndi ngongole zidzatsala kwa mkazi yekha. Abambo, apa pakufunika inu. Mawu onyoza thupi la amayi a ana anu angawakankhire m'manja mwa munthu wa jakisoni.

Dokotala weniweni amatha kunena kuti ayi. Amene amavomera aliyense wobwera ndi ndalama, ameneyo ndi wamalonda.

Bere limene likufunadi dokotala

Pomupima munthu, dokotala amafufuzanso chotupa. Apa nkhaniyi yafika pakhomo pa aliyense, ngakhale amene sanaganizepo zokulitsa mawere. Khansa ya m'mawere ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira kwambiri akazi a ku Mozambique, pamodzi ndi ya khomo la chiberekero. Zizindikiro zake ndi kachotupa kolimba, kawirikawiri kosapweteka, nsonga ya bere kulowa m'kati, magazi kutuluka kunsonga, kapena khungu kukhala ngati khoko la lalanje.

Mukaona chimodzi mwa izi, musadzole mafuta ndipo musateme mphini. Pitani kuchipatala cha pafupi, namwino wa amayi ndi ana akupimeni. Akaona kuti n'kofunika, adzakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Hospital Provincial de Tete. Si chotupa chilichonse chimene chili khansa, ndipo khansa yopezeka msanga imachizika. Mayi amene wachotsedwa bere chifukwa cha khansa angathenso kufunsa za kuumbanso bere. Timatumba tomwe tija timagwiranso ntchito imeneyi, ndipo mafunso ake ndi omwewo.

Pogula mbewu ya mbatatesi timaitembenuza, kuifinya, kufunsa kumene yachokera. Pogulitsa fodya timayang'ana sikelo ndi maso onse awiri. Thupi liposa mbatatesi ndi fodya. Wagwira mpeni ndani? Thupi langa likuyenera? Mafunso awiriwa auzeni ana anu, ngakhale pa foni. Safunsa anadya phula.