Mulu wa maswiti wolemera ngati munthu

Pagulu lathu la WhatsApp la amene tinaphunzira limodzi, wina waponya chithunzi cha maswiti ounjikidwa pakona ya chipinda, pansi pake n'kulemba kuti azungu ndalama zawachulukira mpaka ayamba kuyesa golosale luso. Anthu aseka mpaka misozi. Ine sizinandikomere, ndipo chichokereni m'mawa zikundivutabe mumtima.

Mulu umene akuusekawo uli m'nyumba yosungiramo zaluso ya Art Institute of Chicago ku America. Amene anaukonza mu 1991 ndi Felix Gonzalez-Torres, mmisiri wobadwira ku Cuba. Ndi maswiti wamba a kufakitale, okulunga m'timapepala tonyezimira ta mitundumitundu. Koma kulemera kwake si kongolota ayi. Ukakhala wodzaza umakwana makilogalamu pafupifupi 79, mmene ankalemerera wokondedwa wake, Ross Laycock, adakali bwinobwino. Ross anamwalira ndi Edzi chaka chomwecho.

Aliyense wolowa m'chipindamo ndi wololedwa kuwerama, kutola switi, kuvundukula kapepala n'kuponya m'kamwa. Uyu akatola, uyo akatola, muluwo umanka nuchepa, monga linkathera thupi la Ross. Kenako ogwira ntchito amabwera ndi maswiti ena n'kudzazanso, munthu uja n'kubwerera mwakale.

Ndiye mundiuze, abale anga, ndani mwa ife amene angaseke zimenezi? Ife amene tinaona zaka za m'ma 1990, ma ARV aulere asanafike mu 2004, kuonda kumeneku tikukudziwa. Tinaona achimwene akuboola lamba ndi msomali kuti thalauza ligwire m'chiuno, patapita mwezi n'kuboolanso pena. Tinaona wotchi ikutsetsereka kuchoka pamkono mpaka pachigongono. Munthu amene anapeza njira yoonetsera zimenezo popanda kujambula fupa ngakhale limodzi, n'kukusiyiranso kutsekemera palilime, ameneyo ndi mmisiri ndithu.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo sindinauonepo utakwanira bwino ngati apa. Felix mwiniwake anamwalira ndi matenda omwewo mu 1996. Akanasema Ross pamwala, bwenzi lero anthu akumudutsa manja ali kumbuyo, mlonda akuwayang'anitsitsa. Iye anasankha kumugawa, ndipo patha zaka zoposa 30 anthu osamudziwa n'komwe akutuluka naye m'thumba la malaya.

Apa mpamene pali dandaulo langa lakalekale. Tinazolowera kuti chinthu chikakhala chaulemu chizikhala kuseri kwa galasi, ndi chikwangwani chakuti osagwira. Mwana akatambasula dzanja, khofi. Chotsatira chake ana athu amakula akuganiza kuti luso ndi la anthu ena, lofuna zipangizo zodula zochokera kunja, pamene iwo omwewo amapinda mawaya n'kutulutsa galimoto yoyenda, ya chiwongolero ndi matayala a tizitsekerero. El Anatsui wa ku Ghana, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Nsukka ku Nigeria, amalumikiza tizitsekerero ta mabotolo a mowa ndi waya wa kopa n'kupanga zinsalu zikuluzikulu zokuta khoma, ndipo amalola oziyala kuti azipinde mmene akufunira. Moffat Takadiwa wa ku Mbare ku Harare amatola mabatani a kompyuta ndi miswachi yotayidwa. Amenewa dziko lonse likuwalemekeza.

Za ndalamazo, inde n'zambiri. Mulu wina wa Felix, wa maswiti obiriwira, unagulidwa pa madola oposa 7 miliyoni mu 2015. Wogula amalandira chikalata chomulola kuunjika muluwo, ndipo ikamaonetsedwa ntchitoyo amakhala akugulabe maswiti oti anthu ena adye. Wofuna kukangana za mitengo ya zaluso akangane, nanenso ndili ndi mawu pamenepo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chimene chimandiwawa kwenikweni n'chakuti ngakhale ku Chicago komweko, mu 2022 anthu anadandaula atapeza kuti mawu ofotokozera apakhoma sakutchulanso Edzi kapena za moyo wa Ross. Zinatengera phokoso kuti awakonze. Nditamva ndinakumbukira maliro ambirimbiri amene ndinakhalapo, woyankhulira banja ataimirira, chipewa chili m'manja, n'kungoti malemuwa anadwala kwa nthawi yaitali. Tonse tinkadziwa. Tonse tinkawerama. Ana a malemu aja lero ndi akuluakulu, ena ali ndi ana awo, ndipo ambiri palibe anawakhazika pansi n'kuwauza chimene chinatenga bambo kapena mayi awo. Manyazi amenewa anatiphera anthu amene akanapita msanga kukayezetsa.

Ukachotsa dzina la Ross ndi matenda ake, zoonadi pamatsala golosale. N'chifukwa chake woponya chithunzi uja sindikumuimba mlandu kwambiri, poti anaona maswiti popanda womuuza nkhani yake. Koma inu tsopano mwaimva. Chithunzicho chikafika pafoni yanu, musachitumize chokha. Lembani pansi pake kuti ameneyu ndi Ross Laycock, ankalemera makilogalamu 79, ndipo anamwalira ndi Edzi mu 1991.