Wofufuza zozizwitsa ndi wogulitsa zozizwitsa si munthu mmodzi

Tsiku lina ndikuphunzitsa, mtsikana wa chaka chachiwiri anakweza mkono n'kutiuza kuti agogo ake analota mwana wawo atamwalira ku Johannesburg, ndipo kutacha foni inabwera ndi uthenga womwewo. Kenaka anafunsa kuti, “Madamu, nanga sayansi imati chiyani pamenepa?” Anzake ena anaseka, ena anayamba kufotokoza maloto a kwawo.

Ndikudziwa kuti inunso owerenga muli ndi nkhani yotere, mwina yanu, mwina ya amayi anu. Sindikusekani. Chimene ndikufuna tigwirizane n'chakuti pali anthu amene amafufuza nkhani zoterezi moona mtima, ndiye palinso ena amene amangobwereka mawu a sayansi kuti atidyere ndalama. Tikalephera kuwasiyanitsa tidzataya ndalama, ndipo nthawi zina moyo umene.

Kafukufuku wa zinthu ngati kudziwa za m'maganizo a mnzako popanda kuuzidwa, kuona zimene zikuchitika kutali, kapena kudziwiratu zam'tsogolo, amatchedwa parapsychology. Mu 1882 akatswiri ena ku London anakhazikitsa bungwe la Society for Psychical Research kuti afufuze nkhani zimenezi mwadongosolo. M'zaka za m'ma 1930, J. B. Rhine wa pa yunivesite ya Duke ku America analowa nazo m'chipinda choyesera. Ankagwiritsa ntchito makhadi 25 okhala ndi zizindikiro za mitundu isanu: nyenyezi, mtanda, mizere ya mafunde, chozungulira ndi chamakona anayi. Munthu ankauzidwa kuti atchule chizindikiro cha khadi limene sakuliona. Masamu ake ndi osavuta. Wongoponya mwamwayi amalasa pafupifupi makhadi 5 mwa 25, choncho amene alidi ndi mphamvu yapadera ayenera kulasa oposa pamenepo mobwerezabwereza.

Poyamba anthu ena a Rhine anaoneka ngati akulasa kwambiri. Koma akatswiri a m'mayunivesite ena atayesa zomwezo, zotsatira sizinabwerenso. Zinapezeka kuti pa makhadi ena chizindikiro chinkaonekera kumbuyo, ndipo pamene anakhwimitsa malamulo a mayesowo, kulasa kunatsika. Mu 1974 Walter Levy, amene ankatsogolera kafukufuku pamalo a Rhine, anagwidwa ndi anzake a pantchito akusintha zotsatira. Rhine sanabise. Anamuchotsa ntchito ndipo analengeza yekha zachinyengozo m'magazini ya akatswiri anzake.

Ngakhale posachedwapa zinachitikanso chimodzimodzi. Mu 2011 Daryl Bem wa pa yunivesite ya Cornell anafalitsa zotsatira za mayeso asanu ndi anayi, n'kunena kuti zikuonetsa kuti anthu amatha kumva za chinthu chisanachitike. Analongosola poyera mmene anayesera kuti aliyense wofuna abwereze. Akatswiri atatu a ku Britain anabwereza, ndipo mu 2012 analengeza kuti sanapeze kalikonse.

Tsono maganizo anga ndi awa. Patatha zaka zoposa 140, parapsychology sinabweretse umboni umene ungabwerezedwe paliponse ndi aliyense, ndipo ndi chifukwa chake akatswiri ambiri amaiika m'gulu la sayansi yonamizira. Ine sindingaike moyo wa wodwala pa zonena zake. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingawalande ofufuza ake abwino: ananena poyera chimene akuyembekezera kuona, anawerenga, analola ena kuti awatsutse, ndipo wakuba pakati pawo anamuulula. Funso lachilendo palokha silipangitsa munthu kukhala wabodza. Chimene chimasiyanitsa wofufuza ndi wonamizira ndi khalidwe lake pamene wapemphedwa umboni. Katswiri wa maganizo Karl Popper anaphunzitsa kuti mfundo ya sayansi iyenera kukhala yoti ikhoza kupezeka yolakwa poyesedwa. Mfundo imene imakhala yoona wodwala akachira, n'kukhalanso yoona wodwala akamwalira, ilibe chimene ikutiuza.

Ife anamwino tisadzione ngati oyera pankhaniyi. M'zaka za m'ma 1970, Dolores Krieger, mphunzitsi wa unamwino pa New York University, anayamba kuphunzitsa njira yotchedwa Therapeutic Touch. Ankati namwino akamayendetsa manja pamwamba pa thupi la wodwala, osalikhudza, amamva mphamvu yozungulira thupilo n'kuikonza. Anamwino ambiri anaiphunzira ndipo inalowa m'zipatala. Amene anaiyesa anali mwana wa zaka 9, Emily Rosa. Anaika chotchinga patebulo, akatswiri 21 a njirayi n'kumapisa manja awo awiri kuseri kwake. Iye ankaponya ndalama yachitsulo kuti asankhe dzanja, n'kuika lake pamwamba pa dzanjalo, kenaka n'kufunsa kuti, ndi dzanja liti likumva mphamvu yanga? Mwa maulendo 280 analasa 123 okha, kutanthauza 44 pa 100 aliwonse, pomwe wongoponya mwamwayi amalasa theka. Zotsatirazi zinatuluka mu 1998 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Ngakhale zinali choncho, ambiri ophunzitsa njirayi anangopitiriza ngati palibe chachitika. Pamenepo ndi pamene mumadziwira sayansi yonamizira: umboni ukaitsutsa, siisintha.

Mwina mukuti izi n'za kunja. Achikulire mukukumbukira chaka cha 1995, pamene khamu la anthu linakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati anauzidwa m'maloto mankhwala a Edzi. Mliri sunathe. Chimene chinabweza anthu athu kuchokera pakhomo pa manda ndi ma ARV, amene anayesedwa pa odwala ambirimbiri, ndipo lero tingathe kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi n'kuona kuti akugwiradi ntchito.

Masiku ano bodza labwera litavala jekete loyera. M'matauni muli anthu okhala ndi kachipangizo kolumikiza ku kompyuta. Amakuuzani kuti mugwire kachitsulo m'dzanja, ndipo pakangopita kanthawi pang'ono pamatuluka pepala lonena za chiwindi chanu, impso zanu, mafupa anu, ngakhale ubongo wanu. Palibe magazi otengedwa, palibe mkodzo woyezedwa. Ndipo pafupi pomwepo pamakhala botolo la mankhwala a matenda onse amene makinawo apeza.

Ndinalandirapo mayi wina wa pakati pa miyezi 8 amene kusikelo anamupeza ndi BP yokwera n'kumupatsa mankhwala. Mnzake anamutengera ku makina otere. Kumeneko anamuuza kuti magazi ake ndi akuda chifukwa cha mapiritsi a kuchipatala, awasiye, azimwa zimene iwo akugulitsa. Patapita masabata awiri anabwera naye pa galimoto ya matola akugwa ngati wakhunyu. Tinamubaya magnesium sulphate, adokotala anamuchita opaleshoni usiku womwewo. Mayiyo anapulumuka, koma mwana anali atafa kale m'mimba. Mwamuna wake anandionetsa pepala la makina aja ali nalo m'thumba, lodzaza ndi manambala ndi mawu a Chingerezi. Anati, “Anesi, ife timaona ngati ndi zachipatala.”

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama kapena kusiya mankhwala, funsani. Funsani kuti chinthucho chinayesedwa kuti, ndani anachiyesa, ndipo woyesayo anali ndi phindu lanji pa malonda ake. Funsani za anthu amene sanachire, chifukwa wogulitsa amangokubweretserani mboni zochira, omwalira sabwera kudzachitira umboni. Funsani ngati wokuyezaniyo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi kapena wa Nurses and Midwives Council of Malawi, ndi ngati mankhwalawo analoledwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Munthu woona amayankha modekha. Koma akakwiya, kapena akati mwalephera kuchira chifukwa chikhulupiriro chanu n'chochepa, nyamulani chikwama chanu muzipita.

Wina angandifunse kuti, inu Mkatolika, kodi kufunsa umboni si kukayikira Mulungu? Yang'anani ku Lourdes. Kuyambira mu 1883 kumeneko kuli ofesi ya madokotala imene imaunika aliyense wonena kuti wachira mozizwitsa. Amafuna mapepala a kuchipatala a munthuyo asanachire, amadikira zaka kuti aone ngati matenda sabwereranso. Mwa anthu oposa 7,000 amene anakanena za kuchira kwawo, Mpingo wavomereza ongopitirira pang'ono 70. Ngati Mpingo suopa kuitana dokotala kuti afufuze, mwini kachipangizo ka m'tauni akuopa chiyani?

Mtsikana uja ndinamuyankha kuti sindikutsutsa maloto a agogo ake. Ndinangomukumbutsa kuti usiku uliwonse makolo ambirimbiri okhala ndi ana kunja amalota zoipa chifukwa cha nkhawa. Maloto amene sanachitike timawaiwala pofika nthawi ya phala, limodzi limene lagwirizana ndi uthenga timalifotokoza mpaka kwa adzukulu. Kuti tidziwe ngati maloto amaloseradi, tiyenera kulemba onse asanachitike n'kuwerenga olasa ndi ophonya. Amene anayesa kuwerenga motero sanapeze umboni wokhazikika mpaka lero.

Loto la agogo silinaphe munthu, ndipo banja lingalisunge ngati chikumbutso. Koma mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri, akuona chimbuuzi, nkhope ndi manja zatupa, ameneyo asadikire loto kapena pepala la makina a m'tauni. Mufike naye kuchipatala tsiku lomwelo timuyeze BP ndi mkodzo. Ndipo ngati wina wakuuzani kuti musiye mankhwala amene munalandira kuchipatala, bwerani nawo mudzatifunse musanasiye ngakhale piritsi limodzi.