God Hand: gemu yosanyengerera munthu

Anzanga, mukalowa m'malo osewerera magemu kuno ku Chiputula mumamva mawu amodzimodzi: "Mani, tiikireni mpira." Amene watopa ndi mpira amapempha Mortal Kombat kapena GTA San Andreas, basi. Ine sindidana ndi magemu amenewa ayi. Koma pali gemu ina ya pa PlayStation 2 imene yangokhala phee pa fulashi, ambiri mumangoidumpha posankha, koma kwa ine imawaposa onsewo. Dzina lake ndi God Hand.

Gemuyi inatuluka mu 2006, tonse a Fomu 2 tisanabadwe. Inapangidwa ku Japan ndi gulu la Clover Studio la kampani ya Capcom, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo ndi Shinji Mikami, yemwe uja anapanganso Resident Evil 4. Nkhani yake ndi yosavuta. Mnyamata wina, Gene, akupulumutsa mtsikana dzina lake Olivia kwa ziwanda, ndipo ziwandazo zikumudula mkono wamanja. Olivia akumulumikiza mkono wina wamphamvu zodabwitsa, ndiye God Hand yo. Kuchoka pamenepo Gene akuyenda dera ndi dera kuthibula ziwanda ndi zibakera komanso mateche. Gene sanyamula mfuti. Akasowa chochita amatola thabwa kapena chitsulo chimene wapeza pansi.

Mwina mukuti, nanga zomenyana si zambirimbiri, chachilendo n'chiyani? Chachilendo chili pakona ya sikirini. Pali kachizindikiro kosonyeza levulo: 1, 2, 3, kenako pamwamba penipeni mawu akuti Die, kutanthauza kuti ufe. Ukamamenya bwino osagundidwa, levulo imakwera yokha, adani n'kuyamba kuchenjera, kuthamanga ndi kupweteka kwambiri. Ukamenyedwa kangapo imatsika. Ndiye kuti gemuyi imakuyang'ana mmene ukuseweramo. Ukangoyamba kudzimva udolo, iyo imati, "Chabwino dolo, talandira izi."

Apa ndi pamene ndimaikondera. Tonse timawadziwa anyamata amene pa mpira amasankha timu yamphamvu, n'kuitana kamwana ka Sitandade 5 kuti asewere nako, akakachinya zisanu ndi ziwiri n'kumayenda motukula mapewa. Kupambana kotero kuli ndi phindu lanji? Mu God Hand mulibe kamwana koti ukapezerere. Mdani wako amakula nawe limodzi, ndipo ukapambana umadziwa kuti wakhetsa thukuta.

Pali njira yotsitsira levulo mwadala, ndipo ndi yoseketsa. Gene amagwada pansi n'kupepesa adani ake, levulo n'kubwerera pa 1. Palibe amakuletsa. Koma pamapeto a gawo lililonse gemu imawerengera adani amene wagonjetsa, ndipo amene unawagonjetsa pa levulo yapamwamba amakupatsa ndalama zambiri kuposa a pa levulo 1. Ndalamazo ndi zimene umagulira njira zatsopano zomenyera. Choncho wogwada amapulumuka lero, koma mawa amafika kwa adani akuluakulu ali chimanjamanja. Kusankha n'kwako.

China n'chakuti gemuyi ilibe batani lotchinga. M'magemu ena ukapanikizika umangofinya batani limodzi n'kubisala kuseri kwa manja. Muno ayi. Umazinda ndi analogi ya kumanja: ukaikankhira kutsogolo Gene amawerama, m'mbali amapatuka, kumbuyo amadumpha chagada. Ndiye maso ako sakhala pa Gene, amakhala pa mdani, kuona phewa lake likamasuntha kuti chibakera chikubwera. Wongodinya mabatani mwachisawawa, ngati mmene ena amachitira pa Mortal Kombat, sachedwa kugona pansi.

Njira zomenyera zilipo zopitirira 100, ndipo umasanja wekha kuti choyamba chikhale ichi, chachiwiri ichi. Anthu awiri akhoza kusewera gawo limodzi koma Gene wawo n'kukhala wosiyana. Wanga amayamba ndi tizibakera tachangu, mdani akatchinga ndimathyola chitetezo chake, kenako teche limodzi lomuulutsa. Mnzanga wina wa Fomu 3 amakonda zibakera zolemera zokhazokha. Timakangana mpaka pachipata cha sukulu kuti wanzeru ndani.

Ine kwathu ndi kumudzi, kulibe magetsi, ndipo ndimayenda wapansi kubwera kuno m'mawa uliwonse, ngakhale kuzizire chotani mu June. Padi ndimaigwira Loweruka lokha, akandituma kuchigayo kapena kumsika, ndipo ndalama yake ndi imene ndikanadyera mandasi. Nthawi zina magetsi amazima ndili pakati pa nkhondo. Munthu wa mphindi zochepa ngati ine safuna gemu yoonera anthu akuyankhula Chingerezi kwa theka la ola. God Hand ukangoyamba, nkhonya zayambanso. Ndinakhala masabata atatu ndikugonja kwa Elvis, chimdani chonenepa chosuta ndudu yaikulu. Tsiku limene ndinamugwetsa, ufa ndinausenza ngati thonje.

Sindikuti ilibe zofooka. Kamera imakhala kumsana kwa Gene, moti mdani wochokera kumbuyo sumuona bwino, umadalira kamapu kapakona. Nyumba ndi misewu yake n'zosakongola, kuyerekeza ndi God of War. Nthabwala zina ndi zosayenera ana aang'ono, choncho musapite ndi mng'ono wanu wa ku pulayimale. Mulinso kasino momwe ungaluze ndalama zonse za Gene pa makhadi kapena pa mpikisano wa tiagalu. Ine m'menemo sindichedwamo. Zobeta tikuziona kale mmene zikusautsira azichimwene athu m'makwalalamu.

Itangotuluka, ambiri sanaimvetse. Olemba za magemu a IGN anaipatsa 3 pa 10, ndipo sinagulidwe kwambiri. Chaka chomwecho cha 2006 Capcom inalengeza kuti ikutseka Clover Studio, moti God Hand inakhala gemu yawo yomaliza. Koma anthu ake ena, kuphatikizapo Mikami, anakapezeka ku PlatinumGames, kumene kunatuluka Bayonetta ndi Vanquish. Lero pali anthu m'mayiko ambiri amene amaitama gemu yomwe inanyozedwa ija. Amene analemba 3 pa 10 uja ndimamufanizira ndi munthu wolawa nsima ikadali phala.

Wina anena kuti, iwe wa Fomu 2, JCE ili pakhomo, ukutiuza za magemu? N'zoona, ndipo wojomba kusukulu chifukwa cha padi sindili naye mbali imodzi. Koma taganizani. Tikamakonzekera masamu, ambiri timabwereza mafunso amene tikuwadziwa kale chifukwa amatisangalatsa, ovuta aja n'kuwadumpha. Kumeneko ndiye kugwada kwa Gene. Pepala la MANEB silidzatsika levulo chifukwa wapepesa.

Tsono vuto lilipo ndi ili. God Hand amasewera munthu mmodzi, pamene mpira amalipira awiri. Eni malo ndi anthu a bizinesi, ndipo gemu imene palibe akuifunsa amaifufuta kuti aikepo ina. Ikachoka pa fulashi, ena a ife tilibe kwina koipeza. Choncho Loweruka likudzali, ntchito zapakhomo ndi homuweki zikatha, kaifunseni ndi dzina. Atsikana inunso, padi siisankha dzanja. Ulendo woyamba mudzamenyedwa, musathawe. Amene afike pa Die n'kukhalapo mphindi imodzi yathunthu alembe pansi pa pepala lino, ndidzamugulira mandasi awiri pa buleki.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2