Khonde la mphunzitsi pa Khirisimasi

Sabata yatha ndinalandira chithunzi pa WhatsApp kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 zaka zapitazo. Pano ali ku Johannesburg, monga anyamata ambiri a kuno ku Machinga. Amakhala m'nyumba zosanjikana zija, chipinda cha m'mwamba, ndipo kunja kwa chitseko chake kuli kakhonde kotchingidwa ndi zitsulo, koti ukaikapo mipando iwiri kadzaza. Kakhondeko wakazunguliza timagetsi tothwanima, wapachika zibaluni, pakona waimika kamtengo ka pulasitiki kowazidwa zoyera ngati sinowo. Pansi pa chithunzicho analemba kuti: "Aphunzitsi, ndikutumizireni magetsi ngati awa ndi kamtengo? Khonde lanu lija lioneke la m'tauni chaka chino."

Ndinaonetsa chithunzicho anzanga mu sitafu rumu, ndipo inu aphunzitsi mukudziwa mmene nkhani yaing'ono imakulira m'chipinda chimenecho. Bambo wina wa masamu anati zonsezo n'zachibwana komanso kuononga ndalama, munthu wamkulu sangamapachike zibaluni anthu akugona ndi njala. Mayi wina wa Chingerezi anati ndingolandira, nafenso ku Nayuchi tione zamakono, tisamangoonera sitima za malasha zikudutsa kupita ku Nacala. Ine sindinagwirizane ndi onse awiri. Maganizo anga ndi akuti khonde likongoletsedwe ndithu, koma ndi zinthu za kuno, mosaba ndalama za Januwale, ndiponso moganizira anthu amene adzapondepo.

Ndiyambe ndi bambo wa masamu uja. Pa nkhani ya ndalama akunena zoona. Disembala kuno ndi mwezi wovuta. Nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kuoneka pansi, chimanga cha m'munda chili m'mawondo ndipo chikufuna feteleza wobereketsa. Zaka zapitazi sizinatichitirenso chifundo: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, kenako ng'amba ya El Niño mu 2024. Aliyense amene amagula sopo ndi mchere akudziwa zimene zinatsatira.

Koma pamene akulakwitsa ndi poganiza kuti kukongoletsa pakhomo n'kwa anthu okhuta okha, kapena kuti ndi mwambo wobwera. Ine ndinakulira m'nyumba yofolera udzu. Kukatsala masiku atatu kapena anayi kuti Khirisimasi ifike, amayi ndi alongo anga ankapita kudambo kukatapa mtsiro. Ankazira m'nyumba ndi pakhonde, n'kukwecha ndi kamwala kosalala mpaka pansi pachita kuwala. Kukhoma ankapaka dothi loyera, m'munsi n'kudutsitsa mzere wakuda, ndipo mlongo wanga wina waluso ankajambula maluwa ndi dothi lofiira m'mbali mwa chitseko. Ife anyamata tinkalambula bwalo ndi kuyala miyala m'mbali mwa njira. Sipankatuluka ngakhale tambala imodzi. Zaka zina mpunga unkasowa, koma kuzira sikunkalephereka. Amayi ankadziwa kuti munthu akasiya kusamala pakhomo chifukwa cha umphawi, ndiye kuti umphawiwo walowa mpaka mumtima. Mpaka lero mukayenda m'midzi ya kuno sabata ya Khirisimasi, kapena Idi ikayandikira, muona makonde ozira mwatsopano.

Tsopano kwa mayi wa Chingerezi, ndi kwa mnyamata wanga wa ku Joni. Ine ndimaphunzitsa Jogalafe, ndiye mundilole ndigwire choko pang'ono. Mwambo woimika mtengo m'nyumba pa Khirisimasi unakhazikika kumadera a anthu olankhula Chijeremani cha m'ma 1500. Ku Britain unafalikira kwambiri nyuzipepala ina ya ku London itasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wake Albert ataima pafupi ndi mtengo wotere mu 1848. Magetsi a pamtengo anayamba ndi Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, ku New York mu 1882. Nanga anthuwo ankafuniranji mtengo wobiriwira ndi nyali? Amene munkamvetsera m'kalasi mukukumbukira kuti pa 21 kapena 22 Disembala dzuwa limakhala paliwombo pa mzere wa Capricorn, kum'mwera kwa dziko lapansi. Nthawi imeneyo ku Ulaya kumakhala kozizira koopsa, mitengo yambiri yayoyola masamba, ndipo ku London dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana. Mtengo wosayoyola masamba ndi nyali zinkawakumbutsa kuti moyo ndi kuwala zidzabwerera.

Ife vuto limenelo tilibe. Disembala ndiye nthawi ya masiku aatali, dzuwa pafupifupi maola 13. Kulikonse ndi kobiriwira, mpunga ukuwokeredwa m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, mango akugwa okha. Ndiye ndikagule mtengo wa pulasitiki ku Liwonde kapena ku Limbe, wokhala ndi sinowo wabodza, n'kuuimika pakhonde pamene thukuta lili kamukamu? Anzathuwo anakongoletsa nyumba zawo poyankha nyengo yawo. Chofunika kutengera kwa iwo ndi nzeru imeneyo, osati pulasitikiyo.

Chimene chikusowa kuno ndi mitengo yeniyeni. Yendani msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja muwerenge matumba a makala ali panjinga, kenako muyang'ane mapiri. N'chifukwa chake kwa zaka zingapo tsopano mtengo wa Khirisimasi wa pakhomo panga umakhala mbande yamoyo yam'chitini. Chaka china unali m'bawa, chaka china mango, chaka chatha nsangu. Ana amaupachika timaluwa ta mapepala ndi zitsekerero za mabotolo zoboola n'kuzitunga pa ulusi. Chaka chatsopano chikangolowa timakaudzala kuseri kwa nyumba. Zimagwirizananso bwino ndi nyengo yodzala mitengo m'dziko muno, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. M'bawa woyamba uja pano wandipitirira msinkhu, ndipo mwana wanga wamng'ono amauloza n'kunena chaka chimene unali pakhonde.

Zina zonse n'zapafupi. Makalendala a chaka chatha ndi zikuto za makope otha timazidula timizeremizere n'kulumikiza ngati unyolo, chomatira chake ndi phala la ufa wa chinangwa. Unyolowo timaumangirira mkati mwa denga la khonde kuti mvula isaupeze. Patebulo mayi a kunyumba amayalapo chitenje chawo chabwino, pansi mphasa ziwiri. Madzulo timapachika nyali imodzi ya sola, yomwe ija ndimachongera mayeso. Ngati wina ali ndi timagetsi tothwanima sindikumuletsa, koma asamale. Nthambo zotchipa zija sizigwirizana ndi mvula ya Disembala, ndipo kandulo pafupi ndi mapepala kapena denga la udzu ndi ngozi yoitana dala. Zibaluni zikaphulika muzitole msanga, mbuzi ndi ana okwawa sasankha chomeza.

Koma mfundo yaikulu kwa ine ndi yakuti khonde la kuno ndi losiyana ndi kakhonde ka m'mwamba ka ku Johannesburg. Kakhonde kaja anthu amangokaonera pansi, palibe wodutsa angapondepo. Khonde lathu lili pansi, m'mbali mwa njira. Ndi pamene munthu amaima n'kunena odi. Ndi pamene mayi wogulitsa nsomba za ku Chiuta amausa mvula ikamupeza, pamene kholo limakhala podzafunsa za mwana wake, pamene munthu wochokera ku Entre Lagos amapempha madzi akumwa. Khonde ndi la mwini nyumba theka, theka linalo ndi la odutsa. Choncho polikongoletsa funso loyamba likhale lakuti: kodi munthu akaliona afuna kukhalapo, kapena achita manyazi ndi matope a kumapazi kwake?

Funso limeneli kuno ndi lolemera, chifukwa anthu ambiri a m'boma la Machinga ndi Asilamu, monga kalembera wa 2018 anaonetsera. Aneba anga a kumanja ndi Asilamu, ndipo theka la kalasi langa ndi chimodzimodzi. Ana awo ndi amene amakhala patsogolo kudula mapepala pakhonde panga. Nkhuku ya Khirisimasi amachinja ndi bambo a pakhomopo, kuti tikaphika mpunga tidyere limodzi popanda wokayika. Pa Idi mbale imachokera kwawo kubwera kwathu. Kupatsa n'kuika. Ndikanati ndidzaze khonde ndi makireti a mowa ndi zimasipika zolira mpaka m'bandakucha, magetsi angathwanime bwanji, anthu amenewa sakanapondapo. Chokongoletsa chachikulu pakhonde ndi mphasa yotsala ndi mbale yoonjezera.

Aphunzitsi anzanga, palinso china chokhudza ife. Pamalo ngati pano nyumba ya mphunzitsi imayang'anidwa. Zimene tachita pakhonde pathu ana amakazinena kwawo, ndipo ena amakavutitsa nazo makolo amene ndalama yawo yonse ili m'munda. Ndaonapo mnzathu wina, sindimutchula, atatenga katapila kuti Khirisimasi ya pakhomo pake imveke, Januwale n'kumazemba njira yodutsa pamsika. Tonse timadziwa kuti malipiro a Disembala ayenera kukafika kumapeto kwa Januwale, ndipo pakati pamenepo pali teremu yachiwiri, makope, yunifolomu ndi nsapato za ana. Mwana akaona khonde la aphunzitsi ake lakongola ndi mtsiro, mapepala ndi mbande, amadziwa kuti naye angathe kuchita zomwezo kwawo mawa lomwe. Limenelo ndi phunziro loposa ena amene timalemba pabolodi.

Mnyamata wa ku Joni uja sindikumudzudzula ayi. Ndikudziwa chifukwa chake wazunguliza magetsi kakhonde kake. Chaka chino sabwera kumudzi, ndipo munthu ukakhala kutali pa tsiku lotere umafuna kanthu kokuuza kuti lero si tsiku wamba. Kumeneko kulibe dambo lotapako mtsiro, ndiye wachita ndi zimene zilipo, ngati mmene amayi anga ankachitira. Ndinangomuuza kuti pazitsulopo ayanikepo chitenje cha kwathu, aphike mpunga wambiri, aitane anzake awiri kapena atatu amene alibe kopita, kaya ndi a kutchalitchi kaya ndi a kumzikiti.

Za magetsi ndi kamtengo ndinamuthokoza kwambiri, koma ndinakana. Ndinamuuza kuti ndalamayo atumize kwa mayi ake ikathandize pa feteleza, ina agulire mlongo wake makope. Ikatsala yochepa, andiuze ndimugulire mbande ziwiri, imodzi ikhale pakhonde panga, ina pakhonde pa mayi ake, ndipo akadzabwera adzazipeza zitakula. Anayankha ndi mawu awiri okha: "Chabwino aphunzitsi." Kaya wakhutira kaya wangondilemekeza monga ankachitira ku Fomu 4, tidzamva akadzafika.

Bambo wa masamu uja akadali pa mfundo yake, koma wandipempha makalendala otsala, akuti ndi a ana. Inu ana anga akale, kulikonse kumene muli, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Nampula kapena ku Joni, ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere. Amene mubwere kumudzi, khonde mukulidziwa. Mphasa ilipo, koma nsapato zamatope muzivulira pamasitepe.