Foni ikati malo atha, musathamangire kufufuta



Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kufupi ndi Malomo m'boma la Ntchisi. Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi. Kwa miyezi itatu yakhala ikulemba kuti "Storage space running out", ife osalabadira. Tsiku lina WhatsApp inakana kutseguka pomwe wogula soya wa ku Mponela amawafuna bambo a kunyumba. Iwo mokwiya anafufuta zithunzi zambiri, kuphatikizapo za ubatizo wa mwana wathu ndi za malemu amayi anga, koma mavidiyo awo a mpira osawakhudza. Chichitikireni izi sitikulankhulana bwino. Pano a Google nawonso akuti malo atsala pang'ono. Nditani?

Mayi wodandaula, Malomo

Mwana wanga,

Pepani kwambiri. Chithunzi cha mayi amene adatisiya si chinthu chamasewera. Koma musataye mtima msanga. Mafoni ambiri a masiku ano ukafufuta chithunzi amayamba achisunga kaye pa malo olembedwa "Trash" kapena "Recently deleted" kwa masiku pafupifupi 30. Kayang'aneni lero lomwe. Tsegulaninso Google Photos, mwina zilipo. Zikapanda kupezeka, funsani abale amene mudawatumizirapo pa WhatsApp akubwezereni.

Tsono mvetsetsani kuti machenjezo awiriwa ndi a nkhokwe ziwiri zosiyana. Yoyamba ili m'foni momwemo. Pa bokosi akalemba 32 GB, si zonse zanu ayi. Mbali ina imatengedwa kale ndi Android, pulogalamu yoyendetsa foniyo, ndipo imafuna kampata kopumira. Kampatako kakachepa imachenjeza, mukapanda kumva imayamba kuzengereza, kukana kujambula, mapeto ake WhatsApp osatseguka.

Nkhokwe yachiwiri ili pa intaneti. Aliyense amene ali ndi akaunti ya Google amapatsidwa 15 GB yaulere, ndipo Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimadyera mbale imodzi yomweyo. Kale zithunzi zinkasungidwa popanda malire, koma zimenezi zidatha pa 1 June 2021. Kuyambira 2024 nazo zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimawerengeredwa momwemo. Mukapyola malire, zithunzi zatsopano sizisungidwanso, ndipo makalata a Gmail salowa kapena kutuluka. Ngati bambo akudikira yankho la ntchito kudzera pa Gmail, atha kuliphonya osadziwa. Mukakhala chopyolera kwa zaka ziwiri, a Google ali ndi ufulu wofufuta zinthu zanu.

Chochita nachi. Musanafufute kanthu, yambani mwasamutsa zomwe sizingapezekenso: zithunzi za ukwati, za makolo, za kabuku ka kusikelo ka mwana, malisiti a fizi. Gulani memori khadi m'sitolo yodziwika, chifukwa ena otchipa a pamsika amanama kukula kwake ndipo amawononga zithunzi. Zofunika kwambiri, ngakhale khumi zokha, katsukitseni ku situdiyo pa Ntchisi boma kapena pa Mponela. Pepala silidikira netiweki, siliti malo atha.

Mukatero lowani mu WhatsApp, pitani pa "Settings", kenako "Storage and data", kenako "Manage storage". Pamenepo muona nokha mbava zenizeni: mavidiyo a m'magulu a mpingo, a banki m'khonde, a anzanu a kusukulu, ena obwera kangapo konse. Vidiyo imodzi itha kudya malo a zithunzi zambirimbiri. Fufutani amenewo, ndipo tsekani "Media auto-download" kuti foni isamangotola chilichonse chotumizidwa. Bandulo yanunso idzakhalitsa.

Samalani pawiri. "Clear cache" amangosesa zinyalala, koma "Clear data" pa WhatsApp amakokolola macheza onse. Komanso ngati zithunzi zanu zimapita ku Google Photos, mukafufuta muli momwemo chithunzi chimachoka m'foni ndi pa intaneti pomwe. Pofuna kupepukitsa foni yokha, sankhani "Free up space".

Tibwere ku banja. Bambowo adalakwa kufufuta osafunsa, paja safunsa adadya phula. Koma chenjezo mudaliona nonse kwa miyezi itatu. Pa zaka zanga za unamwino ndidaona makolo ambiri akubwera ndi mwana atafooka kale, chonsecho thupi lidayamba kutentha dzana. Chenjezo limabwera nthawi ikadalipo kuti munthu achite zinthu modekha. Ukalinyozera umadzachita mwaphuma, ndipo phuma ndi limene lidafufuta zithunzi za amayi anu.

Akhazikeni pansi ana atagona. Musayambe ndi za mpira. Auzeni kuti chikukupwetekani ndi nkhope ya amayi anu, ndipo muwapemphe kuti mufufuze limodzi. Inu bambo, ngati mukuwerenga, kupepesa sikuchotsa ndevu. Gwirizanani lamulo limodzi: foni ya awiri, wina asafufute za mnzake osafunsa. Pakutha pa mwezi uliwonse khalani pamodzi muisese, monga muchitira ndi nkhokwe chimanga chatsopano chisanalowe.

Zabwino zonse, ndipo mundilemberenso ngati zithunzizo zapezeka.