Dzina la Gilbert Rennie Linacoka, Lisabwerenso

Alipo ena mu Lusaka, anthu ovala bwino ndithu, amene pakamwa pao sipacoka dzina lakuti Gilbert Rennie. Akafuna kunena sukulu ya Kabulonga Boys amaichula dzina lakalelo, napukusa mutu, amvekere masiku amenewo ndiwo anali a maphunziro eni-eni. Inu a kumidzi, munthu wotere akafika kwanu mumfunse funso limodzi lokha: kodi maphunzirowo anali a yani?

Sir Gilbert Rennie anali Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia kuyambira 1948 kufikira 1954. Sukulu ya anyamata inapatsidwa dzina lake, ndipo ya atsikana inachedwa Jean Rennie, dzina la mkazi wake. Zonse ziwiri zinali za ana a Azungu okha-okha. M'zaka za Citaganya, 1953 kufikira 1963, maphunziro a Azungu anali m'manja mwa boma la ku Salisbury, lomwenso linali kudya msonkho wa mkuwa wathu. Mwana wa mlimi wa ku Petauke akanaloledwa kulowa pacipata cija kukachecha udzu, koma kukhala pa desiki ai. Iye anayenera kulimbirana malo ocepa a ku Munali, kumene Dr Kenneth Kaunda anaphunzira. Nkosadabwitsa kuti tsiku la ufulu, pa 24 October 1964, dziko lonseli linali ndi ana ake pafupi-fupi 100 okha amene anatsiriza yunivesiti.

Boma la UNIP litatsegula zitseko za masukuluwa kwa ana a mitundu yonse, maina a atsamunda anafafanizidwa. Gilbert Rennie inakhala Kabulonga Boys, Jean Rennie inakhala Kabulonga Girls, Prince Philip inakhala Kamwala. Anatengedwa ndi maina a malo, amene agogo athu angawachule osapunthwa lilime.

Olira zakalewo amati: onani kudzaza kwa makalasi, onani kusowa kwa mabuku. Sitikana. Nyumba yomangidwira ana a mabanja owerengeka ikalandira ana a mtundu wonse, ithina basi. Ndipo mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, thumba la boma linapepuka. Koma kodi dzina la Bwanamkubwa lingagule buku ngakhale limodzi? Kusowa kwa makalasi kumatha ndi njerwa, ndipo inu amene munaumba njerwa za masukulu a m'midzi mwanu ndi manja anu mudziwa. Amene afuna kuthandiza Kabulonga abweretse simenti ndi madesiki. Cikwangwani acisiye momwe ciliri.